Mpando wa Kutsogolo pa Ulendo wa ku Mzuzu

Mwana wathu Mphatso atatiuza kuti ukwati wake ukachitikira ku Mzuzu, kumene iye ndi mnyamata wakeyo ankagwira ntchito, amuna anga sanafunse za tsiku kapena za ankhoswe. Anangoti, "Mkwatibwi adzakwera Mjeremani."

Mjeremani linali dzina la galimoto yawo. Inali galimoto yakalekale ya ku Jeremani, yaitali, yoyendera dizilo, zija ankakwera mabwana ife tikadali atsikana. A Ngozo, amuna angawo, ali mnyamata anagwirapo ntchito pa famu ina ku Zimbabwe, komwe ankatsuka galimoto yotereyi m'mawa uliwonse osaloledwa ngakhale kukhalamo. Atapuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, anakapeza yofanana nayo ku Balaka itakhala pa njerwa, mwini wake akusungiramo chimanga. Anabwera nayo kwathu ku Mlangeni pa lole, anthu akuseka. Zaka zisanu ndi chimodzi zinawathera pansi pa galimotoyo. Injini anaimasula yonse n'kuyala zitsulo pa mphasa yanga yoyanikapo ufa. Anaikweza pang'ono kuti isamakhule pansi m'misewu yakwathu. Mipando anaikuta ndi zikopa za ng'ombe zamawanga zomwe anafufuta okha, thabwa lakutsogolo lomwe linali litang'ambika ndi dzuwa anasema lina la mlombwa, hutala n'kuikamo ya lole. Penti anasankha yobiriwira ngati kabichi wa m'dimba.

Ine sindinkadana nayo. Mwamuna amene ali pansi pa galimoto umadziwa komwe ali. Koma chaka chimenecho ndinayamba kusadziwa. Kamodzi pa mwezi ankakwera minibasi kupita ku Lilongwe, ati kukafuna zitsulo, n'kubwerako chimanjamanja. Foni ikalira ankapita nayo kuseri kwa khola. Loweruka lina anatenga galimoto kuti akaiyese mpaka pa Lizulu, ndipo atabwerako ndinaona kuti mpando wa dalaivala wasunthidwira kutsogolo, ngati panakhala munthu wamfupi. A Ngozo ndi aatali. Sindinafunse. Ndinangosunga.

Ukwati unali Loweruka, koma iwo anati tinyamuke Lachitatu. Chinali chaka chija mafuta ankasowa m'dziko muno, ndiye chifukwa chinalipo. M'buti tinaikamo zigubu ziwiri za dizilo, thumba la mbatatesi, nyemba, bokosi la masipanala ndi sutikesi ya zovala za ku ukwati. Nditagwira chitseko chakutsogolo, a Ngozo anati, "Ayi Nanzunga, inu kumbuyo. M'galimoto yotere bwana amakhala kumbuyo." Ananditsegulira okha. Ndinaseka, n'kukhala pa chikopa paja ngati mkazi wa nduna.

Kuseka kunathera pa Lizulu. Tinaima pamsika, ogulitsa akuthamangira galimoto ndi mabeseni a kaloti ndi tomato, ndipo pakati pawo panatuluka mayi wina wamfupi, wojintcha, wazaka ngati makumi anayi, atavala thalauza mkati mwa chitenje, kachikwama kali paphewa. Sanafunse ngati muli malo. Anapita molunjika ku chitseko chakutsogolo. Chitseko chimenecho chinali ndi khalidwe lake, chinkafuna uchinyamule pang'ono uku ukukoka, ndipo alendo onse ankalimbana nacho. Iye anachitsegula kamodzi.

"Awa ndi a Felesiya," anatero amuna anga, osandiyang'ana. "Akupita ku Mzuzu komweko. Ndati tiwathandize."

"Mwadzuka bwanji mayi?" anatero mayiyo, akuwomba m'manja.

"Tadzuka. Ku Mzuzu kuli abale?"

Anayamba wayang'ana a Ngozo, kenaka n'kuti, "Kuli kantchito."

Kuchoka pa Lizulu mpaka pa Dedza msewu sindinauone. Maso anga anali pa dzanja lamanja la mayiyo. Linali pafupi ndi giya, ndipo pakapita kanthawi linkagunda mkono wa amuna anga ndi zala ziwiri, mofulumira, n'kubwerera. Iwo osadabwa, osachotsa mkono. Ndinawerenga kasanu tisanafike pa lodibuloko. Wapolisi anazungulira galimoto akugwedeza mutu, n'kusisita chikopa cha mpando, n'kufunsa ngati ng'ombeyo inali ndi laisensi. Onse anaseka. Poti atibwezere mapepala anayang'ana kutsogolo n'kuti, "Muyende bwino bambo ndi mayi." Ine kumbuyo sanandione n'komwe.

Titadutsa Dedza mayiyo anati chapansipansi, "Bambo, pa Dedza ndi pano."

"Ndikudziwa," anatero a Ngozo, n'kuwonjezera moto.

Komabe tinkayenda pang'onopang'ono moti malole a njerwa ankatipitirira. Ku Lilongwe tinalowa dzuwa lili pamutu. Anaimika galimoto pansi pa mtengo pafupi ndi masitolo a zitsulo, n'kunena kuti akukafuna lamba wa injini wapadera, poti ulendo ndi wautali.

"A Felesiya akukandisonyeza sitolo yake. Inu tsalani mulondere katundu."

"Zaka zonsezi mukubwera kuno, sitolo simukuidziwa?"

"Inasamuka."

Ndinawayang'ana akupita. Atafika pamsewu waukulu anaima, ndipo mayiyo anawagwira pachigongono n'kuwoloka nawo. Masana, anthu akuona. Ine amene ndinabereka nawo ana anayi sindinagwirepo mkono wawo pamsewu.

Ndinadikira maola atatu. M'galimoto munatentha, zikopa zija n'kuyamba kununkha khola. Ndinatuluka, ndinakhala pamwala, ndinabwereramo. Anthu ankaima kuyang'ana Mjeremani. Mkulu wina wa chipewa anazungulira kawiri n'kundifunsa ngati tikugulitsa, ndipo ndinamuyankha kuti atenge ndi mwini wake yemwe. Wogulitsa maswiti ndi mabisiketi pafupi pamenepo, mayi wachikulire, anandipatsa kampando kake. Atandifunsa komwe tikupita ndinamuuza za ukwati, koma mawu ankatuluka ngati ndikunena za maliro. Ndinaganiza zoimbira Mphatso. Ndikanamuuza chiyani? Kuti bambo ake akubwera ku ukwati ndi akazi awiri?

Anabwerako lamba alibe. "Watha," anatero. Koma ndinaona kakatundu kokulunga m'pepala loyera akukalowetsa m'thumba lamkati la jekete.

Tinadutsa Lumbadzi osalankhulana. Titatsala pang'ono kufika pa Mponela, kutsogolo kunatuluka nthunzi, galimoto yonse n'kununkha ngati ketulo youma. Paipi ya madzi inali itaphulika. A Ngozo anavula jekete, n'kuipinda bwinobwino thumba lija lili mkati, n'kuiika pampando wawo. Tinadikira kuti injini izizire, ndipo apa ndiyenera kunena zoona, ntchito ankaidziwa. Analowetsa manja m'kati osayang'anamo, nkhope ili kumwamba, n'kupeza pong'ambikapo ndi zala. Anadula mbali yowonongekayo ndi mpeni, n'kukoka paipi yotsalayo kuti ifike. Pomanga, kanati kachitsulo kanawapulumuka n'kugwera pafupi ndi phazi lawo lamanzere. Ine ndinkakaona ndili pataliko, kakunyezimira pa dothi. Iwo anafufuza uku ndi uku, mpaka mayiyo anawerama n'kukaika m'dzanja mwawo. Ndinati mumtima, taonani chibwana cha anthu akuluakulu, akudzigwetsera dala zinthu.

Madzi tinakapempha pa mjigo. Atathira, a Ngozo ali chiimire pa boneti anati, "Tailizani timve."

Ndinayesa akuuza ine, ngakhale sindinkadziwa poyambira. Koma mayiyo anali atalowa kale. Anapisa dzanja pansi pa mpando, china chake chinalira kuti tha, anadikira pang'ono, n'kupotokola kiyi. Injini inalira.

Amuna anga anaika kaswichi kobisika m'galimotoyo poopa akuba. Ankanyadira kuti palibe munthu pa dziko lapansi amene akudziwa pamene kali. Ine ndinawafunsapo, anandiyankha kuti chinsinsi cha anthu awiri si chinsinsi.

Ku Kasungu tinafika kutada, chigubu chimodzi chitatha kale, n'kufikira kwa msuweni wanga. Iye ataona mlendoyo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. M'mawa mwake tinapita pomwetsera mafuta pomwe kunamveka kuti thanki yobweretsa mafuta ifika. Mzere unali utazungulira kale mpaka kuseri kwa masitolo. Tinakhala pambuyo pa lole ya fodya, patsogolo pa minibasi yomwe anthu ake anali atatsika n'kugona m'mithunzi.

Tsiku lonse la Lachinayi linathera pamenepo. Cha m'ma naini kunamveka kuti thanki yadutsa pa Madisi. Cha m'ma leveni ati inali ya petulo. Masana wina anathamanga akukuwa kuti dizilo wafika kwina, magalimoto khumi n'kuchoka pamzere, kenaka n'kubwerako kudzakangana za malo awo. Amuna anga okha ndiye ankasangalala. Anatsegula boneti, madalaivala n'kuwaunjikira, iwo akufotokoza za injini ngati mlaliki. Wina ankafunsa za thabwa la mlombwa, wina ankafuna amve hutala. Mayi uja anakhala pamthunzi wa lole akucheza ndi dalaivala wake, ndipo ndinamva akutchulana mayina a anthu a ku Blantyre ndi ku Mwanza. Ndinati, mkazi wodziwana ndi madalaivala a malole dziko lonse, ameneyu ndi wotani?

Cha m'ma thuu ndinapita kukagula nthochi. Pobwerera ndinadzera kuseri kwa minibasi, ndipo ndinawamva asanandione. Anali awiri okha pafupi ndi buti.

"Tinapangana kuti pa Dedza," mayiyo ankatero. "Dedza tadutsa, Lilongwe tadutsa. Muwauze mayi lero."

"Dikirani ukwati uthe."

"Ayi bambo. Ine sindingathe kusenza zimenezi ndekha. Mukapanda kuwauza, ndiwauza ndine."

"Chonde achemwali. Tsiku limodzi lokha."

Ndinabwerera n'kukakhala pakhonde la sitolo ina, nthochi zili pamiyendo. Panali mayi wina wa mu minibasi muja, wopita ku Karonga, akuyamwitsa mwana. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinamuuza zonse, munthu woti sindikumudziwa ngakhale dzina. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Akuti sangathe kusenza yekha?" anafunsa. "Mayi, imeneyo ndi mimba."

"Ndi mmene ndikuonera."

"Musachite phokoso mwana asanakwatiwe. Koma mpando wanu tengani. Mwakhala bwanji kumbuyo ngati katundu?"

Thanki inafika dzuwa litapendeka. Panali kukankhana, kutukwanizana, koma tinamwetsa ndithu, ndi chigubu chomwe.

Lachisanu m'mawa ndinatuluka m'nyumba ndisanamalize tiyi, n'kukalimbana ndi chitseko chija mpaka chinatseguka. Pamene iwo ankabwera anandipeza nditakhala kutsogolo, chikwama chili pamiyendo.

Mayiyo anaima. "Mayi, chonde, lero lokha ndikhale pamenepo."

"Ine ndinakwatiwa ku tchalitchi," ndinatero. "Kaya inu."

Anatembenukira kwa amuna anga. "Bambo, nenani."

A Ngozo anayang'ana makiyi m'manja mwawo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Tiyeni tizipita, kwacha."

Mayiyo anakhala kumbuyo, koma osatsamira. Anasendera pakati, mutu uli pakati pa mapewa athu. Tisanatuluke n'komwe m'tauni anayamba: "Njinga kumanzere, bambo." Patsogolo pang'ono: "Ana kumanzere." Pa Chatoloma: "Mbuzi." Ndinapirira mpaka pa Nkhamenya, pomwe ndinatembenuka.

"Kodi dalaivala ndani muno? Amuna anga anayamba kuyendetsa inu musanamere mano. Khalani bwino, mutseke pakamwa."

Anatsamira. M'galimoto munangotsala kulira kwa injini.

Tinali titatsala pang'ono kufika pa Jenda, pamalo poti msewu ndi wowongoka. Kutsogolo kwathu, m'mbali mwa phula kumanzere, bambo wina ankapalasa njinga atamanga dengu lalikulu kumbuyo. Ndinamuona ali patali, malaya ake achikasu. Kutsogolo kunkabwera basi. A Ngozo anapatuka pang'ono kuti aipatse malo, ndipo ine ndinkangodikira kuti achepetse liwiro, poti munthuyo anali poonekeratu, pafupi ndi ine ngati khomo la nyumba yanga. Sanachepetse.

"Bambo, njinga!" anakuwa mayi uja.

Kunamveka kuti gu pafupi ndi bondo langa, galasi loonera kumbuyo n'kuthyoka. Galimoto inaima patsogolo. Nditatsika ndinaona msewu wonse uli psuu, ndipo ndinagwada pomwepo n'kuyamba kulira. Anali tomato. Bambo uja anali atakhala tsonga m'mbali mwa msewu, atagwira dzanja lake lamanja, njinga ili m'ngalande.

A Ngozo anatsika. "Wachokera kuti?" ankafunsa. "Munthuyu wachokera kuti?"

"Wachokera kuti bwanji? Takhala tikumutsatira kuchokera uko!"

Mayi uja ndi amene anayankha, akumanga dzanja la wovulalayo ndi chitenje chake. Sanakweze mawu.

"Mayi, bambowa saona. Diso lamanzere linafa. Lamanja limaona chapakati pokha, ngati munthu akusuzumira m'paipi. Ine ndine dalaivala, ndimayendetsa lole ya mbatatesi ya achimwene anga. Anandipempha kuti ndiyendetse galimotoyi kuyambira pa Dedza."

Anthu anali atayamba kusonkhana, ena akutola tomato, ena akutukwana. Mnyamata wina anamenya boneti ndi chibakera. A Felesiya anaimirira n'kutambasula dzanja kwa amuna anga. Iwo anawapatsa makiyi.

Wovulalayo anali a Nyirenda, bambo wa zaka ngati zathu zomwe. Tinawakweza kutsogolo, njinga n'kuimangirira pa buti, ndipo a Felesiya anatiyendetsa mpaka pachipatala chaching'ono chapafupi. Fupa la pamkono linali litathyoka. Apolisi anabwera n'kulemba zonse, ndipo amuna anga sanabise kanthu, anatulutsa okha laisensi n'kuiika patebulo. A Nyirenda anati mlandu sakuufuna. "Koma njingayo ndiye munda wanga," anatero. "Ndipo dzanjali ndiye khasu."

Tikudikira kuti madokotala awamange pulasitala a Nyirenda, a Ngozo anatsitsa njinga ija, anamasula gudumu lopindikalo, n'kukhala nalo pansi pa mtengo ndi bokosi lawo la masipanala. Ndinapita kukaima patsogolo pawo. Ankalizungulitsa pang'onopang'ono, chala chili m'mphepete, akumanga sipoko imodzi, kumasula ina.

"Chinayamba liti?" ndinafunsa.

"Chaka chatha. Ndinkayesa ndi magalasi chabe. Adokotala akuti ndi msempha wa m'maso, ukuuma. Chimene chapita chapita. Mankhwala odonthezawa ndi oti chotsalachi chisathe msanga." Anatulutsa kakatundu ka m'pepala loyera kaja. Munali timabotolo tiwiri.

"Ndiye zitsulo za ku Lilongwe zija."

"Ndi zimenezi."

"Anakuuzani kuti musayendetse?"

"Anandiuza."

"Ndiye munanditenga ine, mayi wa ana anu, n'kundiika m'galimoto, inu osaona?"

Gudumu linaima. "Zaka zisanu ndi chimodzi, Nanzunga. Ndinamaliza galimoto mwezi womwewo umene anandiuza. Ndinati ndiyendetseko mpaka pa Dedza pokha, ndimve mmene imakhalira pamsewu waukulu. Nditafika pa Dedza ndinati Lilongwe. Manja ankakana kuchoka."

"Nanga kundibisira?"

"Mukanandilanda makiyi."

"Ndikanakulandani, inde! Ndipo bambo awo bwenzi pano akugulitsa tomato wawo."

Misozi inkatsika m'maso onse awiri, lakufa ndi lamoyo lomwe. Ine chisoni chinali chisanafike. Ndinali ndi mkwiyo wokhawokha, ndipo mbali ina ya mkwiyowo inali ya ine mwini, chifukwa mawu anga a pa Nkhamenya ankandibwerera m'makutu. Ndinawasiya pamenepo n'kupita kwa a Felesiya, omwe ankatsuka tomato pa chitseko cha galimoto.

"Inunso munalakwa," ndinawauza. "Munadziwa."

"Ndinalakwa mayi. Pa Dedza ndikanatsika n'kuima kutsogolo kwa galimoto. Ankandiuza kuti ndikakana apita okha, ndiye ndinati bola ndikhale maso awo. Koma ndikanakuuzani pa Lizulu pomwe."

"Mukudziwa chimene ndinkakuganizirani?"

"Ndinadziwa mutangondifunsa za abale." Anafinya kansanza. "Ndakhala ndikuyenda ndi amuna m'malole zaka khumi ndi ziwiri. Maso amenewo ndinawazolowera."

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

A Nyirenda tinakawatula kwawo, mudzi wa pafupi ndi msewu. Thumba la mbatatesi ndi nyemba za ku ukwati zija tinazisiya m'manja mwa akazi awo, omwe anazilandira osatiyang'ana kumaso. Amuna anga analonjeza kuti mpaka dzanja lipole, banjalo likhala pamsana pathu. Njinga anaikankha okha pabwalo kuti a Nyirenda aone kuti gudumu lawongoka.

M'nkhalango ya Chikangawa tinadutsa kuli nkhungu, awiri tonse tili kumbuyo, aliyense pa zenera lake. A Felesiya ankayendetsa modekha, ndipo Mjeremani ankakwera mapiri aja osadandaula. Penapake a Ngozo anati, "Mukuimva mmene ikukokera?" Ine ndinayang'ana kunja. Koma titafika ku Mzuzu, potsika pa nyumba yomwe anatikonzera, panali masitepe atatu, ndipo ndinapezeka nditawagwira pachigongono.

Mkwatibwi anakweradi Mjeremani, galasi lothyoka lija titalikulunga ndi maliboni. Anthu anajambulitsa pa galimotoyo kuposa pa keke. Mphatso tinamuuza Lamulungu, ndipo analira, kenaka anakalipira bambo ake mawu omwe ine ndinali nditawasunga.

Pobwerera tinaima kwa a Nyirenda, tinagonanso ku Kasungu, ndipo Lachiwiri masana tinali tikuyandikira kwathu. Titadutsa Lizulu a Felesiya sanatsike. Anapitirira nafe, n'kukhotera pa bwalo la mpira la sukulu ina pafupi ndi kwathu, ana ataweruka kale. Anazimitsa injini.

"Ine mawa ndikubwerera ku lole," anatero. "Galimotoyi ikangokhala pa njerwa, bambowa muwaika m'manda chaka chino. Ndipo kuchipatala mwezi uliwonse azipita ndi ndani? Bwerani kuno mayi."

"Ine? Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri."

"Galimotoyi nayonso si mwana. Bwerani."

Ndinayang'ana amuna anga. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akumupempha impso. Kenaka anati, "Pitani."

Ndinakhala pa chiwongolero. A Felesiya anandisonyeza zopondapo zitatu, n'kundiuza kuti ndiponde chakumanzere mpaka pansi, ndilowetse giya, ndizichisiya pang'onopang'ono. Ndinachisiya kamodzi. Mjeremani anadumpha ngati tonde, mitu yathu n'kugunda kudenga, injini n'kuzima. Kumbuyo kunamveka kubuula.

"Nanzunga," anatero a Ngozo, "chimenecho si njoka yoti muiponde n'kuthawa. Phazi lizichoka ngati mukutuluka m'chipinda mwa mwana amene wangogona kumene."

"Mukalankhulanso mutsika."

Kenaka ndinamva akusendera kutsogolo, mpaka mutu wawo unafika pafupi ndi phewa langa.

"Lizaninso," anatero. "Ine ndizimvetsera injini. Inu muziona njira."